Dzanja Lanu Likasanduka Chiphaso

 

Nkhani yathu lero ndi ya dzanja. Ngati simukugwira kanthu, tambasulani dzanja lanu lamanja, muligoneke patebulo kapena pabondo, chikhatho chiyang'ane pansi. Taonani kutalika kwa chala chapakati, kunenepa kwa chala chachikulu, kukula kwa chikhatho, ndi mmene mfundo za zala zatukukira. M'kati mwa dzanja limenelo muli mafupa 27: mafupa 8 ali pamene dzanja lalumikizana ndi mkono, 5 ali m'chikhatho, ndipo 14 ali m'zala. Mafupa amenewa sakula mofanana mwa anthu onse. Ikani dzanja lanu pafupi ndi la amene mwakhala naye, muona nokha kusiyana kwake. Kwa zaka zoposa 50 tsopano, pali makina amene akhala akutsegulira anthu zitseko, kapena kuwabweza pakhomo, poyeza kusiyana kumeneku basi.

Luso lozindikira munthu poyeza thupi lake akatswiri amalitcha biometrics. Makina ena amayeza nkhope, ena diso, ena mawu. Padzanja pokha pali zinthu zitatu zimene makina amatha kuwerenga. Choyamba ndi timizere ta pakhungu la chala, timene timaoneka munthu akadinda chala papepala. Chachiwiri ndi mitsempha ya magazi yobisika m'chikhatho. Chachitatu, chimene ndikufuna tikhazikikepo lero, ndi muyeso wa dzanja lenilenilo: kutalika, kunenepa ndi kaumbidwe kake. Njira yachitatuyi ndi yofooka poyerekeza ndi zinazo, ndipo masiku ano ikuzilala. Komabe ili ndi phunziro lalikulu kwa ife amene matupi athu adalowa kale m'makompyuta. Phunzirolo ndi ili: wofuna kuyeza thupi la munthu atenge zokhazo zimene ntchito yake ikufuna, osapitirira; ndipo nthawi zonse asiye njira ina kwa munthu amene makina amukana.

Tiyambire ku India, m'chigawo cha Bengal, m'chaka cha 1858. Mkulu wina wa boma la atsamunda a ku Britain, William Herschel, adapangana ndi munthu wamalonda, Rajyadhar Konai, kuti abweretse zipangizo zomangira msewu. Herschel sadakhutire ndi siginecha. Adauza Konai kuti apake inki chikhatho chonse n'kuchidinda papepala la mgwirizano. Patapita zaka, Herschel adafotokoza yekha kuti cholinga chake tsiku limenelo chidali kumuopseza munthuyo kuti asadzakane zimene adasaina. Tisaiwale chiyambi chimenechi. Wodinda dzanja adali wolamulidwa. Wosunga pepala adali wolamula. Mpaka lero, pamene pali makina oyeza thupi, ndi bwino kuyang'ana kuti akuika dzanja ndani, ndipo akusunga zolembedwazo ndani.

Amene adasandutsa kuyeza thupi kukhala ntchito yadongosolo ndi Alphonse Bertillon, kalaliki wa polisi mumzinda wa Paris, amene adayamba ntchito mu 1879. Vuto la apolisi nthawi imeneyo lidali lakuti mbava yogwidwa kachiwiri inkangosintha dzina kuti ilandire chilango chochepa ngati munthu wolakwa koyamba. Kale ku France ankawotcha chizindikiro pathupi la wolakwa ndi chitsulo chamoto, koma mchitidwewu udathetsedwa mu 1832. Bertillon adaganiza kuti munthu angasinthe dzina, ndevu ndi zovala, koma mafupa a munthu wamkulu sasintha. Adakonza miyeso 11 ya thupi. Mwa imeneyi mudali msinkhu, kutalika ndi kutambalala kwa mutu, kutalika kwa phazi lamanzere, kwa chala chapakati ndi chaching'ono cha dzanja lamanzere, komanso mkono kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Makadi a akaidi adawasanja potengera miyesoyo, kuti kalaliki azipeza khadi popanda kudziwa dzina. Mu February 1883 njirayi idagwira munthu woyamba amene adanama dzina, ndipo posakhalitsa apolisi a maiko ambiri adaitengera.

Koma siidakhalitse. Apolisi awiri akayeza munthu mmodzi, manambala ankasiyana. Wina amafinya choyezera, wina amachigwira momasuka, wina watopa, wina sadaphunzire bwino. Cholakwika sichidali m'mafupa ayi, chidali m'manja mwa woyeza. Panthawi yomweyo zidindo za zala zidayamba kuonetsa mphamvu. Mu 1892 ku Argentina, njira ya wapolisi Juan Vucetich idathandiza kupeza wopha anthu kudzera mu chidindo cha chala chamagazi chimene chidatsalira pachitseko. Ku Calcutta, Azizul Haque ndi Hem Chandra Bose, pogwira ntchito pansi pa Edward Henry, adapeza njira yosanjira zidindo zikwizikwi, ndipo boma la India lidaivomereza mu 1897. Apolisi a Scotland Yard ku London adatsatira mu 1901. Zoyezera za Bertillon zidapita m'kabati.

Muyeso wa dzanja udadzukanso ku America patadutsa zaka pafupifupi 70, makina atatenga malo a kalaliki. Mu 1971 Robert Miller adalandira chilolezo cha umwini wa chipangizo choyeza kutalika kwa zala. Chaka chotsatira, yunivesite ya Georgia idaika makina otere pakhomo la chipinda chodyera, kuti wophunzira amene walipira chakudya asamabwereke khadi lake kwa mnzake amene sadalipire. Kenako David Sidlauskas adapanga makina oona dzanja kuchokera pamwamba ndi m'mbali nthawi imodzi, ndipo kampani ya Recognition Systems, imene idayamba mu 1986 ku California, idawagulitsa m'maiko ambiri. Ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti HandKey.

Kodi amagwira ntchito bwanji? Ndi kabokosi kokhomedwa pakhoma, kokhala ndi mabatani a manambala pamwamba ndi malo athyathyathya oikapo dzanja m'munsi. Pamalo amenewo pali tizikhomo tisanu timene timalowa pakati pa zala, kuti dzanja lizikhala chimodzimodzi nthawi zonse. Mukafika, mumayamba mwalemba nambala yanu kapena kuonetsa khadi. Kenako mumaika dzanja. Kamera imene ili pamwamba imajambula, ndipo kagalasi kamene kali m'mbali kamaionetsa kunenepa kwa dzanjalo. Makinawa saona timizere ta khungu, saona mtundu wa khungu, saona zipsera. Amangoona mthunzi wa dzanja. Pamthunzi umenewo amatengapo miyeso yoposa 90, n'kuifupikitsa kukhala kachizindikiro kakang'ono ka ma byte 9, kutanthauza malo amene kompyuta imasungira zilembo zisanu ndi zinayi zokha. Tsiku lolembetsa mumaika dzanja katatu, makina n'kusunga muyeso wapakati. Kuyambira pamenepo, kukuzindikirani kumatenga pafupifupi sekondi imodzi. Ndipo nthawi iliyonse akakuvomerezani, amasintha pang'ono zimene adasunga, kuti azitsatira dzanja lanu mukamanenepa kapena kuonda.

Makinawa adafika m'malo akuluakulu. Pa masewera a Olympics a 1996 ku Atlanta, anthu pafupifupi 65,000 adalembetsa manja awo kuti azilowa m'mudzi wa osewera. Bwalo la ndege la San Francisco lidawaika pazitseko za ogwira ntchito. Mu 1993 boma la America lidayamba kulola anthu oyenda pafupipafupi kudutsa pamabwalo a ndege a JFK ndi Newark pongoika khadi ndi dzanja. Malo ambiri opangira magetsi a nyukiliya m'dzikolo adawagwiritsanso ntchito. Koma kumene adachuluka zedi ndi m'mafakitale, m'migodi ndi pamalo omanga nyumba, kumene adalowa m'malo mwa buku losaina ndi kalaliki wochonga matikiti. Olemba ntchito adatopa ndi kusainirana, munthu kusainira mnzake amene akadali kunyumba. Khadi ungabwereke, nambala ungauze mnzako, koma dzanja sungalitumize.

Chifukwa chimene makinawa adakondedwera m'malo a ntchito zamanja ndi chofunika kwambiri kwa ife. Timizere ta pachala timafufutika. Womanga nyumba amene amagwira simenti, woumba njerwa, mlimi wogwira khasu chaka chonse, mayi wochapa ndi sopo tsiku ndi tsiku, agogo amene khungu lawo lapyapyala: onsewa makina owerenga chala amavutika nawo. Chala chonyowa, chouma kwambiri, kapena chodetsedwa ndi girisi chimakanidwanso. Makina oyeza dzanja alibe nazo kanthu zimenezi, poti amaona mthunzi wokha. Makaniko wotuluka pansi pa galimoto ndi kalaliki wa mu ofesi amalandiridwa mofanana. Komanso anthu ambiri sankachita nawo manyazi, chifukwa kudinda zala kumakumbutsa kupolisi, pamene kuika dzanja pakabokosi sikukumbutsa mlandu uliwonse.

 Tsopano tafika pamtima pa nkhaniyi.

Pali mafunso awiri amene makina angafunse munthu, ndipo ndi osiyana kwambiri. Loyamba ndi lakuti: "Mwati ndinu uje, kodi ndinudi?" Apa inu mwadzitchula nokha, ndipo makina akungofananiza dzanja lanu ndi muyeso umodzi umene adasunga pa dzina lanu. Funso lachiwiri ndi lakuti: "Kodi uyu ndani?" Apa simudanene kanthu, mwina simukudziwa n'komwe kuti mukufufuzidwa, ndipo makina akukusakani pakati pa anthu mamiliyoni. Muyeso wa dzanja umayankha bwino funso loyamba, koma lachiwiri umalephera. Zili ngati telala wa pakhonde la sitolo amene ali ndi kabuku ka miyeso ya makasitomala ake. Mukabwera n'kutchula dzina lanu, angakuyezeni khosi, chifuwa ndi mkono, n'kutsimikiza kuti malaya awa ndi anudi. Koma mutam'patsa miyeso yokhayokha kuti apeze mwini wake mumzinda wonse wa Blantyre, sangathe, poti amuna a khosi ndi chifuwa chotero alipo mazanamazana.

Ogulitsa makina amakono amati kumeneku ndi kufooka. Ine ndikuti pakhomo la fakitale kumeneku ndi chitetezo cha wantchito. Zidindo za zala zanu mumazisiya paliponse: pa kapu, pachitseko, pa foni. Nkhope yanu kamera ingaijambule muli patali, mukuyenda mumsewu, osadziwa. Koma muyeso wa dzanja sutsalira pa chinthu chimene mwagwira, ndipo kuti makina a mtundu uwu autenge, pamafunika inu mwini muime, mulembe nambala, muike dzanja. Bwana amene ali ndi ma byte 9 a dzanja lanu angadziwe nthawi imene mwafika pantchito ndi imene mwaweruka. Sangagwiritse ntchito zimenezo kukusakani mumsika kapena pamsonkhano. Watenga zolingana ndi khomo lake.

Mbiri ikutiuza chifukwa chake funso lachiwiri lija liyenera kusamalidwa. Ku Transvaal, ku South Africa, malamulo a 1906 ndi 1907 adalamula Amwenye kulembetsa ndi kudinda zala zawo. Mohandas Gandhi adatsogolera anthu kukana, ndipo pa 16 August 1908 ziphaso zoposa 2,000 zidatenthedwa kunja kwa mzikiti wa Hamidia ku Johannesburg. Mu 1952 boma la tsankho lidakhazikitsa kabuku ka pasi kwa anthu akuda, ndipo zidindo za zala zawo zidasonkhanitsidwa mu ofesi imodzi ku Pretoria. Agogo athu amene adapita ku Joni kudzera ku Wenela adaliona ndi maso dziko limenelo, limene chala cha munthu chidasanduka chingwe chomumangira. Mu 2021, asilikali a America atachoka ku Afghanistan, zipangizo zina zojambulira zala ndi maso zidagwera m'manja mwa a Taliban. Nkhokwe ya zidindo imamangidwa ndi boma limodzi, koma imatsala pamene bomalo lapita.

Tsopano tione mbali ina. Ngakhale makina oyeza dzanja ali ndi anthu amene amawatsekera kunja. Dzanja limatupa: mayi woyembekezera, munthu wodwala impso kapena mtima, munthu wolumidwa ndi njuchi. Nyamakazi imapinda zala moti sizingagone bwino pakati pa tizikhomo tija. Sitiroko imafooketsa dzanja. Khate, ngozi ya pachigayo kapena ya macheka zimachotsa zala. Bandeji ndi mphete yaikulu zimasintha mthunzi. Ana manja awo amakula msanga. Makina ambiri adapangidwira dzanja lamanja, moti amene alibe dzanja limenelo amachita kutembenuza lamanzere, chikhatho kuyang'ana kumwamba. Ndipo mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, anthu adaopa kugwira malo amene agwidwa ndi manja mazana. Boma la India lidaimitsa kaye kusaina kwa chala kwa ogwira ntchito ake m'mwezi wa March chaka chimenecho.

Pali chinthu china chimene ogulitsa makina satchula kawirikawiri. Palibe miyeso iwiri ya dzanja lomwelo imene imafanana ndendende. Choncho makina safunsa ngati miyeso yafanana. Amafunsa ngati yayandikana mokwanira. Amene amaika malire a kuyandikanako ndi munthu. Akamangitsa kwambiri, eni ake enieni amabwezedwa. Akamasula kwambiri, wonamizira amadutsa. Zolakwika ziwirizi sizingathe zonse pamodzi. Mukachepetsa chimodzi, chinacho chimakula. Pakhomo la malo a nyukiliya, ndi bwino kubweza munthu wosalakwa kawiri kusiyana ndi kulowetsa mdani kamodzi. Koma pamzere wolandirira chimanga cha thandizo, kubweza mayi wosalakwa ndiye kuti ana ake agona ndi njala. Wina akakuuzani kuti "makina akana", dziwani kuti kumbuyo kwa makinawo kuli munthu amene adasankha malire.

India idakumana nazo zimenezi. Ndondomeko yake ya Aadhaar, imene idayamba kupereka manambala mu 2010, idalemba zala zonse khumi, maso onse awiri ndi nkhope za anthu oposa 1.3 biliyoni. Madera ena atalamula kuti munthu aike chala pamakina asadalandire mpunga ndi tirigu wotsika mtengo, ofufuza monga Jean Drèze ndi Reetika Khera adapeza m'chigawo cha Jharkhand kuti okalamba ndi ogwira ntchito zamanja ankabwerera chimanjamanja, mwina chifukwa chala chakanidwa, mwina chifukwa netiweki yasowa. Mu 2018 khoti lalikulu la dzikolo lidavomereza Aadhaar, koma lidatsindika kuti munthu woyenera thandizo asamanidwe chifukwa makina alephera kumuzindikira.

Ena amakana makina chifukwa cha chikhulupiriro. Ku West Virginia, ku America, kampani ya migodi ya malasha ya Consol Energy idaika makina oyeza dzanja mu 2012. Bambo wina amene adagwira ntchito pamgodi wina wa kampaniyo zaka zoposa 35 adakana kuikapo dzanja, poona kuti zikukhudzana ndi chizindikiro cha chilombo chotchulidwa m'buku la Chivumbulutso chaputala 13. Adapempha kuti azisaina m'njira ina. Kampani idamuuza kuti aziika dzanja lamanzere, ndipo iye adaona kuti n'kwabwino kusiya ntchito. Kenako zidadziwika kuti antchito awiri amene adavulala manja adaloledwa kumangolemba nambala pamabatani. Njira ina idalipo, koma iye adamanidwa. Mu 2015 khoti lidagamula kuti kampani idalakwa, ndipo bamboyo adapatsidwa ndalama zoposa madola 580,000. Khoti la apilo lidagwirizana nazo mu 2017. Ine ndanena kale kuti makinawa salemba kanthu pathupi, amangoona mthunzi. Koma khoti silidaweruze ngati bamboyo ankamasulira bwino Baibulo. Lidaweruza kuti pamene njira ina ilipo ndipo siivuta, munthu asakakamizidwe kusankha pakati pa chikumbumtima chake ndi ntchito yake.

Nanga zosungidwazo zikabedwa? Nambala yachinsinsi ya kubanki ikadziwika, mumaisintha. Kiyi akatayika, mumagula loko wina. Zala muli nazo khumi basi, moyo wanu wonse. Mu 2015 akuba a pa intaneti adalowa m'makompyuta a ofesi yoyang'anira ogwira ntchito m'boma la America n'kutenga zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni. Anthu amenewo sangapatsidwe zala zatsopano. Mu 2002 mphunzitsi wa ku Japan, Tsutomu Matsumoto, adaonetsa kuti chala chopangidwa ndi gelatin, chinthu chimene amapangira maswiti ofewa, chinkapusitsa makina ambiri. Ndipo mu 2005 ku Malaysia, mbava zidadula chala cha mwini galimoto imene inkaliza injini ndi chidindo cha chala. Thupi likasanduka kiyi, thupilo limalowa m'ngozi imene kale inkagwera kiyi.

Masiku ano dzanja labwereranso m'njira yatsopano, ya mitsempha. Makina amawalitsa kuwala kwa infrared, kumene maso athu sakuona. Magazi a m'mitsempha amayamwa kuwalako, ndipo kamera imaona mitsemphayo ngati mizere yakuda. Kampani ya Fujitsu idapanga makina otere, ndipo mabanki a ku Japan adayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2004. Chivomezi ndi madzi osefukira a 2011 zitasiya anthu opanda makadi ndi mabuku a kubanki, banki ya Ogaki Kyoritsu idakhazikitsa mu 2012 makina otapira ndalama ndi chikhatho popanda khadi. Ife amene tidaona namondwe Freddy mu 2023 akukokolola nyumba pamodzi ndi mapepala onse a m'nyumbamo tingamvetse phindu lake. Mu 2020 Amazon idayamba kulola anthu kulipira m'sitolo pongoyandikiza chikhatho. Koma dziwani kuti mitsempha imasiyanitsa anthu kwambiri moti ingayankhe funso lachiwiri lija, losaka munthu m'gulu. Ndipo siyosagonjetseka: mu 2018 ku Leipzig, ku Germany, Jan Krissler ndi Julian Albrecht adapusitsa makina otere ndi dzanja loumbidwa ndi phula.

Kodi ndikunena kuti tikane makina onsewa? Ayi. Kuno kwathu taona ubwino wake. M'nyengo ya ulimi ya 2007 mpaka 2008, ofufuza Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang adagwira ntchito ndi alimi a paprika oposa 3,000 m'chigawo chapakati amene ankafuna ngongole ya zipangizo. Ena adatengedwa zidindo za zala, ena ayi. Pakati pa alimi amene ankaoneka kuti angavute kubweza, otengedwa zidindo adatenga ngongole zocheperako, adazilowetsadi m'munda wa paprika, ndipo adabweza bwino kwambiri. Munthu akadziwika, mbiri yake yabwino imamutsatira, ndipo wobwereketsa amalimba mtima. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP, lidalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, kutenga nkhope ndi zidindo za zala. Pantchito ngati imeneyo funso lachiwiri limafunikadi, kuti munthu mmodzi asalembetse kawiri. Muyeso wa dzanja sukadakwanitsa. Lero chiphaso cha unzika chimafunsidwa kubanki, polembetsa nambala ya foni, pogula zipangizo zaulimi zotsika mtengo ndi polembetsa mavoti.

Chimene ndikukana ndi chizolowezi chotenga zambiri chifukwa makina ake ndi otchipa. Kaundula wa dziko ndi chinthu china, geti la sukulu kapena la fakitale ndi chinthu chinanso. Mwini kampani amene akungofuna kudziwa nthawi imene antchito 80 afika alibe chifukwa chosunga nkhope ndi zala zawo zonse pakompyuta imene aliyense mu ofesi angatsegule. Chigawo cha Illinois ku America chidakhazikitsa lamulo mu 2008 limene limatchula muyeso wa dzanja mwachindunji: kampani iyenera kupeza chilolezo cholembedwa isanayeze, inene nthawi imene idzasunge, ndipo ifufute ntchito yake ikatha. Kwathu kuno, gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 lidapatsa MACRA udindo woyang'anira mmene mabungwe akusungira mbiri za anthu. Lamulo lilipo. Chotsala n'chakuti ife eni manja tizifunsa.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Choncho pamene bwana, banki, sukulu kapena bungwe lopereka thandizo likupemphani dzanja kapena chala, funsani mwaulemu mafunso anayi. Loyamba: mukutenga chiyani kwenikweni, chithunzi chonse kapena kachizindikiro chabe, ndipo n'chifukwa chiyani khadi ndi nambala sizikukwanira? Lachiwiri: zikasungidwa kuti, ndipo ndani angazione? Lachitatu: ndikasiya ntchito kapena kutseka akaunti, mudzazifufuta liti? Lachinayi: tsiku limene makina adzandikane, kapena magetsi adzazime, ndidzathandizidwa bwanji tsiku lomwelo?

Ndipo kwa inu amene mumagula ndi kuika makinawa, akuluakulu a makampani, a maboma aang'ono ndi a mabungwe, pempho langa ndi ili. Musanasankhe makina, ayeseni pa manja enieni a anthu amene adzawagwiritse ntchito: a othyola tiyi, a osoka fodya, a asodzi, a agogo. Werengani kuti akukanidwa ndi angati. Lembani poyera njira ina, ndipo muphunzitse mlonda wa pageti ndi kalaliki wa pawindo kuti munthu wokanidwa ndi makina si wakuba. Pamene funso loyamba lija likukwanira, musagule makina a funso lachiwiri. Kuchita zimenezi sikuchedwetsa chitukuko. Kumachititsa kuti anthu akhulupirire makinawo n'kuwalandira ndi mtima wonse.

Kwa lero tilekeze pomwepa. Kambiranani nkhaniyi kuntchito, kumpingo, kumzikiti ndi m'magulu anu a alimi, makamaka ndi achikulire amene kawirikawiri ndiwo amabwezedwa pamzere.